Ma cosmic strings: chingwe chimabadwa bwanji chilengedwe chikamazizira?

Wa_ku_Domue analemba:

Akuluakulu, ndithandizeni. M'buku la fizikisi la Chipwitikizi muli kandime kakafupi ka cordas cósmicas, zomwe pa Chingerezi amati cosmic strings. Akuti ndi zingwe zopyapyala kuposa atomu koma zolemera koopsa, ndipo zinapangika chilengedwe chitangoyamba kumene, pomwe mkhalidwe wake unkasintha ngati mmene madzi amaundanira. Apa m'pamene ndakodwa. Madzi akaundana timapeza chibuma, osati ulusi. Ndiye chingwecho chikuchokera kuti, ndipo n'chopangidwa ndi chiyani? Nanga ngati n'cholemera chotero, bwanji sichinakoke zinthu zonse? Masamu musandibisire, ndili kalasi 12, koma mundiyendetse pang'onopang'ono.

Mphunzitsi_Ulongue analemba:

Mng'ono wanga, pamene mwakodwapo ndi pomwe pagona nkhani. Choyamba chotsani m'mutu chingwe cha khonje kapena waya wa magetsi. Cosmic string si chinthu cholukidwa ndi maatomu. Ndi chilema chotsalira, kanjira kopyapyala komwe mkhalidwe wakale wa chilengedwe unatsekeredwa n'kulephera kusintha pamene kwina konse kunasintha.

Ganizani za aganyu anayi opatsidwa munda waukulu kuti apange mizere, aliyense ayambire ngodya yake, pakati pali chulu moti sakuonana. Palibe amene wawauza kuti mizere iloze kuti. Mizere ya aliyense ikhala yowongoka bwino, koma pokumana pakhala chisokonezo. Madzi oundana nawo ndi choncho: kuundana kumayambira malo ambiri nthawi imodzi, timakristalo tina taloza uku tina uko, ndipo pokumana pamatsala malire. Chibuma mumachionacho chili ndi zilema m'kati.

Tsopano ku chilengedwe. Mu fizikisi muli zomwe amati field, zomwe zili paliponse, ngakhale pamalo popanda kanthu. Field ya Higgs, yomwe kanthu kake kanapezeka ku labotale ya CERN mu 2012, ndi chitsanzo. Field yobala zingwe muitenge ngati kamuvi kogona pamalo paliponse. Kamuviko kali ndi utali, ndipo kali ndi komwe kaloza, kuyambira madigiri 0 mpaka 360 ngati dzanja la wotchi. Mphamvu yosungidwa mu field imadalira utali wokhawo, ndipo mukaijambula imaoneka ngati pansi pa botolo la vinyo m'kati mwake: pakati kachulu, kuzungulira kachuluko ngalande. Pamwamba pa kachulu ndi pomwe kamuvi kalibe utali. M'ngalande ndi momwe kamuvi kali ndi utali wake wokhazikika, womwe timaulemba η, ndipo malo onse a m'ngalandemo ali ndi mphamvu yofanana ndendende.

Kukatentha kwambiri field imagwedezeka ngati nyemba m'botolo lomwe mukulikhutchumula, ndipo mukatenga pakatikati pa kugwedezekako mupeza ziro. Chilengedwe chikamafutukuka chimazizira, ndipo kutentha kukatsika kupitirira mlingo wina, nyemba ija iyenera kukhazikika m'ngalande. Mbali iti? Malamulo sanena. Ndi mwayi basi.

Mu 1976 Tom Kibble wa ku Imperial College ku London anaona chotsatira chake. Palibe uthenga wothamanga kuposa kuwala, komwe kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi. Ngati kusinthaku kunachitika pa sekondi 10^-38 chiyambireni chilengedwe, kuwala kunali kusanayende ngakhale mamita 10^-29. Malo otalikirana kuposa pamenepo sakanapangana, ngati aganyu athu aja. Chilengedwe chinagawika m'tizigawo, kalikonse ndi koloza kake.

Pokumana zigawo ziwiri palibe vuto lalikulu: timivi timangotembenuka pang'onopang'ono kuchoka koloza kwa ichi kupita koloza kwa icho, modutsa njira yaifupi ya m'ngalande, chifukwa ndi yomwe imadya mphamvu yochepa. Vuto lili pokumana zitatu. Tinene kuti chigawo choyamba chaloza madigiri 0, chachiwiri 120, chachitatu 240. Yendani mozungulira malo okumaniranawo. Kuchoka choyamba kupita chachiwiri kamuvi katembenuka madigiri 120, kupita chachitatu ena 120, kubwerera choyamba enanso 120. Inu mwazungulira kamodzi, kamuvi nako kazungulira ngalande yonse, madigiri 360.

Tsono chepetsani bwalo lomwe mukuyendalo. Kuzungulira kwa kamuvi kumakhala nambala yathunthu, 0, 1, -1, 2, sikungakhale theka, chifukwa mukabwerera pomwe munayambira muyenera kupeza kamuvi komwe kaja. Nambala yathunthu singatsike pang'onopang'ono kuchoka pa 1 kufika pa 0. Bwalo likachepa mpaka kukhala kadontho, kamuvi ka pakadonthopo kayenera kuloza mbali zonse nthawi imodzi, ndipo kamuvi kokha kotha kutero ndi kopanda utali. Ndiko kuti pamenepo field yakakamizidwa kukhala pamwamba pa kachulu, ndi mphamvu yake yonse yakale. Zili ngati kamvuluvulu: mphepo ikuzungulira mbali zonse, pakati penipeni payenera kukhala bata. Papepala ndi kadontho. Koma chilengedwe chili ndi m'mwamba ndi pansi, ndiye sanjikizani mapepala ambiri, timadonthoto tilumikizana kukhala mzere. Chingwe chanu ndi chimenecho.

Mudziwenso kuti si kusintha kulikonse komwe kumabala zingwe. Zimatengera maonekedwe a malo otsikitsitsa aja. Akakhala maenje awiri olekana, pamabadwa makoma. Akakhala ngalande yozungulira, zingwe. Akakhala ngati khungu la mpira, timadontho totchedwa monopole. Field ya Higgs yathuyi malo ake otsikitsitsa alibe bowo pakati, moti bwalo lililonse lojambulidwa pamenepo limatha kufota mpaka kutha, ngati lamba womangidwa pa mpira amene amangopulumuka. N'chifukwa chake kusintha kwa electroweak (pomwe field ya Higgs inakhazikika), komwe kunachitika pa kutentha kwa pafupifupi 160 GeV (GeV ndi muyeso wa mphamvu ya tinthu ting'onoting'ono), sekondi 10^-11 chiyambireni, sikunasiye zingwe zokhalitsa. Zingwe zimafuna field ina yomwe sinapezekebe, monga za m'maganizo a grand unification (ogwirizanitsa mphamvu zingapo za chilengedwe kukhala imodzi) cha m'ma 10^16 GeV, kapena ya kanthu kongoganiziridwa kotchedwa axion.

NaPhiri_Moatize analemba:

Aphunzitsi afotokoza bwino. Ine ndiwonjezere njira yoti muzione ndi manja anu, achimwene, chifukwa nkhaniyi imalowa m'mutu mukawerenga nokha zingwe zanu.

Mufunika pepala, pensulo, kathumba, ndi nyemba zitatu zofanana kukula koma zosiyana mtundu: yofiira, yoyera, yakuda. Yofiira iimire madigiri 0, yoyera 120, yakuda 240. Jambulani mizere 7 ya timadontho 7, mzere uliwonse wosunthira kumanja ndi theka la mpata poyerekeza ndi wa pamwamba pake. Lumikizani timadontho toyandikana. Mupeza mathirayango 72, ena oloza m'mwamba ena pansi. Kadontho kalikonse ndi chigawo chimodzi cha chilengedwe. Pa kadontho kalikonse pisani m'thumba osayang'ana, lembani mtundu wa nyemba yomwe yatuluka, ndipo muibwezere musanapisenso.

Mukamaliza timadontho 49 tonse, yendani thirayango iliyonse mobwerera dzanja la wotchi. Mukapeza yofiira, yoyera, yakuda motsatana chotero, lembani + pakati: chingwe chikutulukira papepala kubwera kwa inu. Mukapeza yofiira, yakuda, yoyera, lembani -: chingwe chikulowa. Mtundu umodzi ukabwerezedwa palibe chingwe, chifukwa kamuvi kapita n'kubwerera njira yomweyo.

Muyembekezere zingati? Ngodya zitatu, iliyonse mitundu itatu, zipereka njira 3 × 3 × 3 = 27. Zomwe mitundu yonse itatu ilipo ndi 6. Ndiye mwayi ndi 6/27, kapena kuti 2/9, ndipo 2/9 ya 72 ndi 16. Wina apeza 13, wina 19, koma mukaphatikiza mapepala a kalasi yonse muyandikira 16 pa pepala. Kamuvi mukakalola kuloza paliponse m'malo mwa mbali zitatu zokha, mwayi umakhala 1/4, womwe ndi mwayi woti timadontho titatu toponyedwa mwachisawawa pa bwalo tisakwane m'theka limodzi la bwalolo.

Zolakwika zake n'ziwiri. Mukapanda kubwezera nyemba, zigawo zikhala ngati zapangana, ndipo muona zingwe zochuluka monama. China n'chakuti ambiri amayenda mathirayango oloza pansi mbali ina ndi oloza m'mwamba mbali ina osazindikira, + ndi - n'kusokonekera. Poyesa ngati mwakhoza, yendani m'mphepete mwa chojambula chonse mobwerera dzanja la wotchi, mukuwonjezera 120 pa sitepe iliyonse yopita mtsogolo m'ndondomeko ya yofiira, yoyera, yakuda, ndi kuchotsa 120 pa yobwerera. Gawani yankho ndi 360. Liyenera kufanana ndi ma + onse kuchotsera ma - onse. Likasiyana, penapake mwaphonya.

Palinso chinthu chokoma chomwe nyembazi zimaonetsa: chingwe sichikhala ndi nsonga. Tengani timadontho tinayi topanga kapiramidi ka nkhope zinayi, nkhope iliyonse thirayango. Mitundu ilipo itatu, timadontho tinayi, ndiye ngati mitundu yonse ilipo, tiwiri tafanana. Nkhope zokhala ndi mitundu yonse itatu zikhala ziwiri ndendende, ndipo mukaziyenda muli kunja kwa kapiramidiko, imodzi ipereka + ina -. Chingwe cholowa chiyenera kutuluka. Chotero chingwe chimakhala nkhata yotsekeka kapena chopanda malekezero.

Mu 1984 Tanmay Vachaspati ndi Alexander Vilenkin anachita masewera omwewa pa kompyuta, ndi mbali zitatu zomwezi koma pa timabokosi. Anapeza kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 a utali wonse ali m'zingwe zazitali zodutsa bokosi lonse, otsalawo m'tinkhata. Zingwe zazitalizo sizowongoka. Zimakhota mwachisawawa pa chigawo chilichonse ngati mayendedwe a munthu woledzera, moti kuti mufike mtunda wowirikiza ka 10, chingwe chiyenera kutalika kowirikiza ka 100.

Wa_ku_Domue analemba:

Zikomo aphunzitsi, zikomo aNaPhiri. Ndajambula, ndapeza 14, ndipo za m'mphepete zagwirizana. Koma pepalalo ine ndi amene ndasankha kutalikirana kwa timadontho. M'chilengedwe amasankha ndani? Kodi chigawo chimakula mpaka pomwe kuwala kwafika basi? Komanso zonsezi zinayesedwapo, kapena n'zapapepala zokha?

Mkulu_wa_Furancungo analemba:

Funso lachiwirili ndiye lenileni, mwana wanga. Mtunda wa kuwala ndi malire a pamwamba chabe. Chigawo sichingapose pamenepo, koma kawirikawiri chimachepa kwambiri, ndipo kukula kwake kumatengera mtundu wa kusinthako ndi liwiro la kuzizira.

Kusintha kwina kumachitika ngati kuwira kwa madzi: mkhalidwe watsopano umabadwa ngati mathovu m'kati mwa wakale, thovu lililonse ndi koloza kake, mathovuwo n'kumakula mpaka kugundana. Pamenepo timadontho ta pepala lanu ndi mathovu, kutalikirana kwake ndi kukula kwa thovu pa nthawi yogundana, ndipo chingwe chimatsekeredwa pomwe mathovu atatu akumana. Mathovu akamabadwa mwa apo ndi apo, amakula kwambiri asanakumane, zingwe n'kuchepa.

Kusintha kwina kulibe mathovu, kumachitika mosalala paliponse. Apa ndi pomwe Wojciech Zurek wa ku Los Alamos anakonza maganizo a Kibble mu 1985. Kutentha kukamayandikira mlingo wosinthira, pansi pa botolo paja pamaphwatalala, kachulu kasanamere. Pophwatalala palibe chokankha nyemba, ndiye field imachita ulesi. Zinthu ziwiri zimakula pamodzi: mtunda womwe timivi timagwirizana, ξ, ndi nthawi yomwe field imatenga kuti itsatire kusintha, τ. Kukanakhala kuti kukuzizira pang'onopang'ono kopanda malire, ξ ikanakula mpaka kukuta malo onse, osatsala chingwe n'chimodzi chomwe. Koma kuzizira sikudikira.

Masamu ake ndi awa. Tinene kuti ε ndi kutalikirana ndi mlingo wosinthira, ndipo ikusintha ngati ε = t/τQ, pomwe t ndi nthawi yotsala kuti tifike pamlingopo ndipo τQ ikuonetsa kuchedwa kwa kuzizira. M'chitsanzo chophweka, τ = τ0/ε ndipo ξ = ξ0/√ε, pomwe τ0 ndi ξ0 ndi nambala zosasintha. Field imasiya kutsatira pomwe nthawi yomwe ikufuna yafanana ndi nthawi yomwe yatsala, τ = t. Mukathetsa mupeza t = √(τ0 × τQ), ndipo ξ pa nthawiyo ndi ξ0 × (τQ/τ0)^(1/4). Kukula kwa zigawo kumaumira pamenepo. Utali wa zingwe m'malo opatsidwa umayenda ngati 1/ξ². Ndiye mukaziziritsa mochedwa ka 16, zigawo zikula kawiri kokha, zingwe zichepa kanayi. Nambala ya 1/4 ija si ya zinthu zonse. Field ikakhala yosakhuthala, yoti ikakankhidwa imapitirira, imakhala 1/3. M'chilengedwe τQ simusankha inu: pa nthawi imeneyo kutentha kunkatsika ngati 1/√t (pano t ndi zaka za chilengedwe), ndiye τQ inali yofanana msinkhu ndi zaka za chilengedwecho pa nthawiyo.

Za kuyesa: chilengedwe sitingachitenthetsenso, koma pali zinthu m'labotale zomwe zili ndi ngalande yomweyi. Zingwe za mtundu umenewu zinadziwika kale mu superconductor (chinthu chodutsitsa magetsi popanda chotchinga), Alexei Abrikosov ataziwerengera mu 1957, ndipo Holger Nielsen ndi Poul Olesen anazibweretsa ku fizikisi ya tinthu ting'onoting'ono mu 1973. Chomwe chinkafunika n'kuona ngati kuzizira kofulumira kumazibaladi.

Chophweka ndi liquid crystal, timadzi ta mtundu womwe uli m'masikirini. Mtundu wotchedwa 5CB umasintha pa madigiri 35 a Celsius, kutentha komwe mu mzinda wa Tete mwezi wa Okutobala n'kwamasiku onse. Pamwamba pa 35 timamolekyu taloza paliponse, pansi pake timafola. Mu 1991 Isaac Chuang, Ruth Durrer, Neil Turok ndi Bernard Yurke anasintha timadzi totere mwadzidzidzi n'kuona pa maikulosikopu ulusi wopiringizana ukubadwa, ukudukizana, ukufota. Timamolekyu timeneti tilibe mutu ndi mchira, ngati mizere ya m'munda ya aphunzitsi ija, ndiye kutembenuka madigiri 180 kumakwana kubala chingwe.

Helium-4 imasanduka superfluid (madzi oyenda popanda kukhuthala konse) pa 2.17 K (madigiri 2.17 pamwamba pa kuzizira kotheratu), ndipo zingwe zake ndi timivuluvulu topyapyala ta m'madzimo. Gulu la ku Lancaster mu 1994 linatsitsa mphamvu yopanikiza helium mwadzidzidzi, m'timagawo tochepa ta sekondi, n'kulengeza kuti lapeza timivuluvulu tambiri. Mu 1998 gulu lomwelo litakonza chipangizo chake silinapezenso kanthu. Toyamba tija tinabadwa chifukwa madziwo ankayenda n'kukhuzana ndi makoma pofutukuka, osati chifukwa cha kusintha kwa mkhalidwe. Vuto la kuyesa kotere ndi limeneli: chilichonse chovundula madzi chimabalanso timivuluvulu, ndipo tenitenito timatha kufota musanatiwerenge.

Zinayenda bwino ndi helium-3, yomwe imakhala superfluid pansi pa 0.0025 K. Mu 1996 magulu a ku Helsinki ndi ku Grenoble anaiwombera ma neutron. Neutron ikamezedwa ndi helium-3 pamatuluka proton ndi tritium ndi mphamvu ya 764 keV, yomwe imatenthetsa kadera kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi, kaderako n'kuziziranso m'kanthawi ka pafupifupi gawo limodzi mwa miliyoni la sekondi. Palibe khoma, palibe chovundula. A ku Helsinki anazunguza chipangizo chawo kuti tinkhata tikule n'kutiwerenga. A ku Grenoble anayeza kutentha komwe kwatuluka n'kupeza kuti kukuperewera, gawo losowalo litatsekeredwa m'timivuluvulu. Onse anapeza zogwirizana ndi masamu a Zurek.

Chenjezo limodzi. Lamulo la njira yaifupi lomwe mwagwiritsa ntchito ndi nyemba limayenda bwino mu helium. Field ikakhala yolumikizana ndi maginito, ngati mu superconductor, palinso njira yachiwiri: maginito ogwedezeka chifukwa cha kutentha amatsekeredwa n'kusanduka zingwe. Mark Hindmarsh ndi Arttu Rajantie anaonetsa zimenezi mu 2000, ndipo zingwe zobadwa chotero zimaunjikana zoloza mbali imodzi m'malo moti + ndi - zisinthanesinthane.

Wa_pa_Zobue analemba:

Latsala funso lanu la kulemera, achimwene. Zonse zimachokera ku η. Kunenepa kwa chingwe kumayenda ngati 1/η, kulemera kwa mita imodzi, μ, ngati η². Pa η ya 10^16 GeV, kunenepa ndi mamita pafupifupi 10^-32, pamene proton ndi mamita 10^-15. Kulemera timakonda kukulemba ngati nambala yopanda muyeso, Gμ/c² (G ndi nambala ya Newton ya mphamvu yokoka, c ndi liwiro la kuwala), yomwe pano ndi cha m'ma 10^-6. Popeza c²/G ndi makilogalamu 1.35 × 10^27 pa mita, mita imodzi ya chingwe ikhala makilogalamu 10^21 ndi kanthu. Dziko lathu ndi makilogalamu 6 × 10^24. Chidutswa chotalika ngati msewu wa Tete kukafika ku Moatize, makilomita pafupifupi 20, chingalemere kuposa maiko anayi onga lathuli.

Komabe chingwe chowongoka sichikoka kanthu. M'masamu a Einstein mphamvu yokoka simachokera ku kulemera kokha, kupanikiza ndi kukungika nako kumawerengedwa. Chingwechi n'chokungika mofanana ndendende ndi mphamvu yosungidwa m'mita iliyonse, ndipo ziwirizi zimafafanizana. Chomwe chimachita n'kudula malo. Dulani pepala lozungulira, chotsanipo kachidutswa ngati ka keke, matani m'mbali mwake: mwapanga fanulo. Pepalalo paliponse likadali losalala, koma kuzungulira nsonga yake sikukwananso madigiri 360. Ngodya yosowayo ndi 8πGμ/c², yomwe pa 10^-6 ndi masekondi 5 a ngodya, sekondi imodzi kukhala gawo limodzi mwa 3,600 a digiri. Mlalang'amba wokhala kuseri kwa chingwe ungaoneke kawiri, zithunzi ziwiri zofanana, zosapindika.

Nanga bwanji sizinadzaze chilengedwe? Zikanangokhala chete n'kumatambasuka, zikanatero. Chilengedwe chikafutukuka ka 10, mphamvu ya kuwala pamalo imatsika ka 10,000, koma ya zingwe zongotambasuka ka 100 kokha. Chopulumutsa n'chakuti zingwe zimathamanga, zoposa theka la liwiro la kuwala, ndipo ziwiri zikadutsana zimaduka n'kusinthana mbali pafupifupi nthawi zonse. Chingwe chikadzidutsa chokha chimadula nkhata. Nkhatayo imanjenjemera, imataya mphamvu ngati mafunde a mphamvu yokoka, imafota mpaka kutha. Makompyuta a kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anaonetsa kuti zimafika pokhazikika: pa nthawi iliyonse pamatsala zingwe zazitali zowerengeka chabe m'dera lomwe kuwala kwafika, ndipo gawo lawo la mphamvu yonse silikwera. Makoma ndi ma monopole alibe njira yotereyi yodzichepetsera. Za makoma anachenjeza Zeldovich, Kobzarev ndi Okun mu 1974, za monopole John Preskill mu 1979, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe Alan Guth anabweretsera maganizo a inflation, kufutukuka kofulumira koopsa kwa chilengedwe chitangoyamba, mu 1981. Koma inflation ndi tsache losasankha: imasesa zingwenso. Zingwe zomwe tingazione ziyenera kubadwa kumapeto kwa inflation kapena itatha.

Kunena zoona, palibe chingwe chomwe chapezeka. M'zaka za m'ma 1980 ambiri ankaganiza kuti zingwe ndi zomwe zinayambitsa milalang'amba. Miyeso ya kuwala kwakale kwa CMB (kotsala kuchokera ku chiyambi cha chilengedwe) ya matelesikopu a BOOMERanG ndi MAXIMA mu 2000, kenako WMAP mu 2003, inaonetsa nsonga zotsatana bwino zomwe zingwe sizingapange, chifukwa zingwe zimavundula nthawi zonse mosapangana. Mu 2003 kunamveka za CSL-1, milalang'amba iwiri yofanana ngati mapasa, anthu n'kuganiza kuti ndi umodzi wooneka kawiri. Telesikopu ya Hubble itajambula mu 2006 zinaoneka kuti ndi iwiri ndithu. Satelayiti ya Planck mu 2013 inaika malire akuti Gμ/c² siposa 1.5 × 10^-7 pa zingwe zopyapyala za mtundu wa Nambu-Goto (zowerengedwa ngati zilibe kunenepa). Ndiye chidutswa cha Tete-Moatize chija chatsika, sichingapose magawo awiri mwa atatu a kulemera kwa dziko.

Mphunzitsi_Ulongue analemba:

A ku Zóbuè, malire a Planck ajawo si othina kwambiri masiku ano, ngati nkhata zimataya mphamvu zake kudzera m'mafunde a mphamvu yokoka monga mwanenera. Mng'ono wathuyu angathe kuwerengera yekha chifukwa chake.

Nkhata yotalika L imatha pakapita nthawi L/(Γ × Gμ/c² × c), pomwe Γ ndi nambala yochokera ku makompyuta, pafupifupi 50. Tengani Gμ/c² ya 10^-10. Kuchulukitsa ndi 50 kupereka 5 × 10^-9. Chilengedwe chili ndi zaka 13.8 biliyoni, ndiye nkhata zakale zomwe zikutsirizika masiku ano ndi zomwe zinali zotalika 5 × 10^-9 × 13.8 biliyoni, mtunda womwe kuwala kumayenda zaka pafupifupi 70. Nkhata imabwereza kunjenjemera kwake pa nthawi L/2c, ndiko kuti zaka 35, ndipo imatulutsanso mafunde ofulumira kawiri, katatu, kanayi, mpaka m'tsogolo.

Mafunde a zaka zingapo chotere LIGO, chipangizo chomvera mafunde a mphamvu yokoka, singawamve, chifukwa imamva ogwedezeka kambirimbiri pa sekondi. Amawasaka ndi ma pulsar, nyenyezi zakufa zomwe zimazungulira mazanamazana pa sekondi n'kumatumiza kuphethira kwa wailesi mosaphonya ngati wotchi. Funde likadutsa pakati pa ife ndi pulsar, kuphethirako kumafika mofulumira kapena mochedwa ndi timagawo ta sekondi tosakwana limodzi mwa miliyoni, ndipo ma pulsar a mbali zosiyana za thambo amasokonekera mogwirizana malinga ndi ngodya yomwe ili pakati pawo. Mu Juni 2023 gulu la NANOGrav, litayang'anira ma pulsar oposa 60 kwa zaka 15, pamodzi ndi magulu a ku Ulaya, Australia ndi China, linalengeza zizindikiro za mafunde otere. Telesikopu ya MeerKAT ya madishi 64 ku Karoo, ku South Africa, ikuchitanso ntchito yomweyi. Ambiri akuti gwero lake ndi ma black hole (zinthu zokoka koopsa moti ngakhale kuwala sikutulukamo) akuluakulu ozungulirana awiriawiri. Zingwe wamba zokhalitsa sizikugwirizana bwino ndi momwe mafundewo akukulira kuchoka ku ochedwa kupita ku ofulumira, ndipo miyesoyi yatsitsa malire a Gμ/c² kufika cha m'ma 10^-10, malinga ndi momwe mwawerengera kuchuluka kwa nkhata. Popeza Gμ/c² imayenda ngati η², kutsika kuchoka pa 10^-6 kufika pa 10^-10 kukutanthauza kuti η yatsika ka 100, kuchoka pa 10^16 kufika cha m'ma 10^14 GeV.

Pali potulukira pawiri. Magulu ena omwe amaika field yonse pa kompyuta, osati chingwe chopyapyala chokha, amapeza kuti nkhata zimasungunuka msanga kukhala tinthu ting'onoting'ono m'malo mwa mafunde, ndipo zikatero malire a pulsar sagwira, timabwerera kwa Planck. Kwinako ndi zingwe zotha kuduka pakapita nthawi, monopole n'kumera ku nsonga zonse ziwiri, zomwe zimachepetsa mafunde ochedwa kwambiri n'kugwirizana ndi zomwe NANOGrav yaona. Chipangizo cha LISA, chomwe bungwe la za m'mlengalenga la ku Ulaya, ESA, linavomereza mu Januwale 2024 kuti chikaponyedwe m'mlengalenga cha m'ma 2035, chidzamva mafunde obwereza pa mphindi zingapo mpaka maola, ndipo chidzatha kusaka zingwe zopepuka kuposa malire a lero kamiliyoni.

Mng'ono wanga, bwerezani masamu a nkhata aja ndi Gμ/c² ya 10^-7. Mupeza mtunda wa zaka za kuwala 70,000, womwe ukuyandikira kukula kwa mlalang'amba wathu womwe.